Makoyilo Awiri a Overtoun Chiumia

Mukafika ku Luwinga n'kufunsa za Overtoun Chiumia, anthu amayamba akuyang'anani kaye ngati mwatchula dzina la mankhwala. Koma mukangoti “uja wokulunga mamota”, ngakhale wakabaza amene wabwera dzulo kuchokera ku Ekwendeni akuperekezani mpaka pakhomo. Ndi kashedi ka malata kuseri kwa magolosale, konunkha vanishi ndi waya wopsa, ndipo mkuluyu wakhalamo zaka makumi awiri. Mota ya chigayo ikapsa, pampu ya madzi ikapsa, ngakhale fani ya ana a ku yunivesite amene amachita lendi m'tizipinda ta kumeneko, zonse zimathera pa benchi yake. Amaphwasula, n'kuwerenga kuti waya wakale anazungulira kangati, n'kuchotsa wopsayo, kenako n'kukulunga watsopano wa kopa, mzere pa mzere, mwaudongo ngati mayi woluka tsitsi la mwana.

Ali ndi mwambo wake wogwirira ntchito umene sausintha, ngakhale mwini chigayo ataima pakhomo n'kumamulozera wotchi. Waya wokulungidwa uja amamutcha koyilo. Poyambira pa koyilo amavekapo kachubu kofiira, pothera kachubu kakuda. Makoyilo awiri oyang'ana kumodzi, ngati ukufuna kuti maginito awo athandizane, chakuda cha woyamba chimapita ku chofiira cha wachiwiri. Ukaphatikiza chofiira ndi chofiira amakankhana. Akatha kulumikiza sapaka vanishi msanga ayi. Amatenga batire ndi kakampasi kakale ka ana asukulu, n'kuyendetsa kampasiyo mkati mwa mota kuti aone ngati muvi ukutembenuka pamene uyenera kutembenukira. N'chifukwa chake ku Luwinga kuno kuli mawu akuti mota ya Overtoun sibwerera, ndipo mwini wake amawabwereza mawuwo kawirikawiri kuposa wina aliyense.

Mwana wake wamkazi, Temwa, anakulira pansi pa benchi imeneyo. Anzake akuimba nyimbo za ku mkaka, iye ankaimba “chakuda ku chofiira, chakuda ku chofiira” uku akutola zidutswa za waya. Atayamba sukulu anamukhomera kampando pakona, ndipo Loweruka lililonse ankalembera pamenepo ntchito ya kusukulu. Akakakamira pa samu ankangotukula mutu, bambo n'kumuyankha manja ali pa waya. Overtoun alibe galimoto, ndipo nyumba ya ku Msongwe ndi ya lendi. Chuma chake chinali chimodzi: m'maso mwa mwanayo munalibe munthu wanzeru pansi pano woposa adada ake. Chuma chimenecho ankachilondera kuposa mmene amalonderera waya wa kopa.

Nzeruzo analidi nazo, tisamunamizire. Kwawo ndi cha ku Chintheche, bambo ake ankacheka mitengo ya mphira pa esiteti, ndipo ku sekondale ankakhala desiki imodzi ndi mtsikana wina, Stella NyaManda. Pa sayansi ndi masamu Overtoun analibe mnzake. Ndi iye amene anamuphunzitsa Stella kukunga dzanja lamanja, zala kutsatira kumene magetsi akuzungulira, chala chachikulu n'kuloza kumene maginito akupita. Mayeso a folomu folo atatuluka, Overtoun anali ndi wani pa sayansi, wani pa masamu, koma Chingerezi chinamupatsa seveni. Ku yunivesite salowa munthu wa seveni pa Chingerezi, kaya mutu wake ukugwira bwanji. Anabwereza chaka chotsatira, Chingerezi n'kumubwezera eyiti, ngati chikumuseka. Stella anali ndi thuu pa sayansi, thuu abale, koma Chingerezi ankachilavula ngati anayamwira, ndipo anapita. Anapitirira mpaka ku South Africa, kumene lero ndi dokotala wa za nyenyezi.

Overtoun anakwera basi ya ku Mzuzu, n'kuphunzira ntchito kwa mdala wina wa ku Chibavi, kenako n'kukwatira Wezi, mng'ono wake weniweni wa Stella. Ena amati anatola mng'ono chifukwa mkulu anali atauluka. Amenewo ndi amiseche, ndipo Wezi amamukonda ndithu. Koma ukwatiwo unamubweretsera Stella m'nyumba kwa moyo wonse. Pabalaza pawo, pamwamba pa kabati, Wezi anapachika chithunzi cha mkulu wakeyo atavala mkanjo wofiira ndi chisoti chonga mbale. Mlendo aliyense amayambira pamenepo. Akafunsa kuti dokotala wa chiyani, Wezi amayankha monyadira kuti wa nyenyezi, ndipo Overtoun amaponyapo nthabwala yake yomweyomweyo, yakuti sanamvepo kuti nyenyezi yadwala malungo. Alendo amaseka, iyenso amaseka, koma satifiketi yake ya mawani awiri ili m'dilowa ya kushedi, pansi pa masipanala, ndipo sabata sipita asanaisuzumire. Imeneyo ndi nsanje, ilibe dzina lina.

Zaka zonsezo nsanjeyo inali yopiririka, chifukwa Stella anali chithunzi chabe cha pakhoma. Zinasintha Temwa atafika folomu fili n'kugulidwa foni. Anayamba kutumizirana mawu ndi anti akewo, lero funso la kuwala, mawa funso la mlengalenga. Loweruka ankabwerabe kushedi, koma akakakamira sankatukulanso mutu, ankaweramira pa foni. Overtoun ankadikira funso, funso osabwera. Tsiku lina anachita kudzipereka yekha, n'kufunsa kuti chavuta n'chiyani, mwanayo n'kuyankha mwaulemu kuti anti afotokoza kale. Tsiku limenelo anadula waya wabwinobwino pamalo olakwika.

M'mwezi wa June, kukuwaza kamvula kozizira kaja ka Mzuzu, Stella anabwera kutchuthi n'kufikira kwa mng'ono wake. Chimene chinamupweteka Overtoun choyamba n'chakuti mayiyu sanabwere ndi matama. Akanabwera ndi Chingerezi cha m'mphuno, bwenzi munthu atapeza pomudera. Koma anangoti “monire alamu”, n'kugwada pang'ono monga mwa mwambo, n'kumanga chitenje, n'kukasenda chinangwa ndi mng'ono wake kuseri. Munthu wotere umuda poyambira pati?

Lamulungu atabwera kutchalitchi, akumwa tiyi, Temwa anapempha anti ake kuti afotokozere adada ntchito imene amagwira. Taonani, afotokozere adada! Overtoun anameza tiyi wotentha osapemerera. Stella anati kutali uko, pakati pa nyenyezi, kuli mitambo, osati yamvula ngati iyi, koma ya mpweya ndi fumbi, yamdima, yozizira kuposa chilichonse chimene munthu anachikhudzapo, ndipo yaikulu moti kuwala kumatha zaka makumi angapo kuti kuidutse. M'menemo ndi mmene nyenyezi zimabadwira. Chinthu chilichonse chimakoka chinzake, choncho mtambo umafuna kudzigwera wokha, kuunjikana pamodzi mpaka pakati patenthe n'kuyaka. Kukanakhala kukokana kokhako, mitambo yonse ikanatha kalekale. Koma pa magawo zana a mpweyawo, ndi ochepa chabe amene amasanduka nyenyezi, ndipo funso limene iye amadyerapo ndi lakuti chimaletsa enawo n'chiyani.

Anati zoletsa zake ndi ziwiri. Choyamba ndi chipwirikiti: mpweya wa mumtambomo sukhala phee, umawinduka n'kumathamanga uku ndi uku mwaliwiro loopsa. Pena umamwaza zimene zayamba kuunjikana, pena umawombanitsa mpweya n'kupanga mfundo zimene pambuyo pake zimadzigwera. Chachiwiri ndi maginito, amene mizere yake yosaoneka imadutsa mumtambo wonse. Mpweya umatsetsereka mosavuta motsatira mizereyo, koma kuidutsa chopingasa kumavuta. Iye ndi anzake amatchera madishi akuluakulu, onga a kanema aja, m'chipululu, n'kumayang'ana kuwala kochokera ku fumbi, chifukwa fumbilo limafola molingana ndi maginito ndipo kuwalako kumaulula mmene lafolera.

Wezi anali atasochera kale pa chipwirikiti pomwepo. Temwa ankalemba. Koma Overtoun anaziona zonse m'mutu mwake ngati mota yotsegula, ndipo mawu anamupulumuka asanawagwire.

“Ndiye kuti mtambowo sungagwe mbali zonse mofanana. Uyamba watsetsereka motsatira mizere, n'kusonkhana m'tizingwe, nyenyezi n'kumabadwira m'tizingwemo.”

Stella anaomba m'manja. Anati ndi zomwezo, ndipo ena mwa ophunzira ake zimawatengera teremu yathunthu kuti afike pamenepo. Munthu wina akanasangalala. Koma Overtoun anaona kumene maso a Temwa anapita: sanabwere kwa iye amene wayankha, anapita kwa anti amene achonga. Zaka makumi anayi zakubadwa, m'nyumba yake yomwe, kuchongedwa ndi munthu wa thuu! Mtima unamuwawa mpaka anatuluka kukaona ngati kamvula kasiya.

Madzulo ake Stella anamutsatira pakhonde ndi pepala. Ahedi a kusukulu kwa Temwa anali atamupempha kuti Lachisanu akalankhule ndi ana, ndipo sankafuna kukangolankhula, ankafuna kuti anawo akaone ndi maso. Anajambula thabwa, makoyilo awiri oimirira moyang'ana kumodzi, pakati pawo botolo lagalasi la mafuta okhala ndi utuchi wa chitsulo, batire ndi switchi. Ukatakasa, utuchiwo uziwinduka ngati mtambo. Ukayatsa, ufole m'tizingwe kuchokera ku koyilo iyi kukafika ku inayo. Pa chojambulacho analembapo bwinobwino kuti chakuda ku chofiira. Anati mu Mzuzu monse palibe wina amene angamupangire chinthu chimenechi, ndipo Overtoun anavomera mwamphwayi, ngati akuchitira chifundo.

Mphwayizo zinathera pakhonde pomwepo. Lolemba m'mawa anakankhira pambali mota ya chigayo cha munthu, n'kupita kwa Che Nuhu, Myao wa ku Mangochi amene amagulitsa zamagetsi pamsewu, kukasankha waya wabwino kuposa onse. Anabwerekanso botolo lalikulu la maswiti la m'shopumo. Utuchi anakausesa kwa owotcherera mageti, n'kuusefa kawiri pa kansalu. Mafuta ophikira anaona kuti utuchi ukumira msanga, anasintha n'kuthira gilisalini. Koyilo iliyonse anaizungulitsa maulendo mazana anayi, akuwerenga chamumtima, ndipo aliyense amene anamupatsa moni masiku amenewo anayankhidwa ndi mutu. Nsonga za makoyilo anazipititsa pansi pa thabwa n'kuzimanga ndi timasikuluu.

Lachitatu masana anatseka chitseko cha shedi n'kuyesa ali yekha. Anatakasa, utuchi n'kuchita chimtambo chakuda chozungulirazungulira. Anayatsa. Pang'onopang'ono chimtambo chija chinayamba kupesedwa, tizingwe n'kumatuluka, kuwongoka, kunenepa, kuchokera uku kukafika uko. Anazimitsa, n'kutakasanso, n'kuyatsanso, mwina kakhumi. Chinthu chimene chimachitika kutali kumene munthu sadzafikako chinali kuchitika m'botolo la maswiti a Che Nuhu, ndi manja ake. Tsiku limenelo anapita kunyumba akuimba mluzu, ndipo chithunzi cha pakhoma sanachiyang'ane n'komwe.

Lachinayi, poweruka kusukulu, Temwa anadzera kushedi ndi mnzake Maryamu, mwana wa Che Nuhu, kuti amuonetse. Overtoun anali kuseri akusamba m'manja, ndipo malata sabisa mawu. Anamva Maryamu akudabwa, n'kufunsa kuti wapanga chimenechi ndani. Anaima, sopo ali m'manja, kudikira dzina lake.

“Nzeru zake ndi za anti,” anatero Temwa. “Adada angokulunga waya.”

Mwanayo sananene mwachipongwe. Anangonena ngati mmene munthu anganenere kuti kunja kukuzizira, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Overtoun anakhala kuseriko mpaka atsikanawo atapita. Masiku atatu, kusefa utuchi, kusintha mafuta, mazana anayi kawiri, zonsezo kungokulunga? Anadzifunsa kuti dokotalayo atapatsidwa waya ndi thabwa angatulutse chiyani. Ndipo pomwepo maganizo anamubwerera, osalala ngati ochokera kwa mngelo. Mawa dokotala adzaima pamaso pa sukulu yonse, adzayatsa, ndipo sipadzachitika kanthu. Adzasinthasintha mawaya a batire, osathandiza. Akadzasowa pogwira, iye adzanyamuka kumbuyo mwakachetechete, sikuludiraiva m'thumba, n'kukonza pa mphindi ziwiri. Pamenepo Temwa adzaona yekha kuti nzeru zimakhala kuti.

Anachotsa botolo, n'kutembenuza thabwa, n'kumasula timasikuluu tiwiri, n'kuphatikiza chofiira ndi chofiira. Manja ake anachita ngati akukana, poti chibadwire anali asanachitepo zimenezo. Ndipo chifukwa mwambo ndi mwambo, anatenga kampasi n'kuyesa, kuti atsimikize kuti zalakwikadi bwinobwino. Kenako anakulunga zonse m'katoni n'kumanga ndi chingwe, kuti wina asaziyesenso.

Lachisanu anavala jekete ya kutchalitchi. Holo inadzaza, ana mazana angapo, aphunzitsi kutsogolo, makolo ochepa pa mabenchi a kumbuyo. Ahedi anatha mphindi khumi akuwerenga masukulu amene Stella anapitako, ndipo Overtoun ankangosisita sikuludiraiva m'thumba. Stella anayamba m'Chingerezi, kenako n'kumasakaniza Chitumbuka ndi Chichewa mpaka ana a folomu wani anasiya kunong'onezana. Anafotokoza za mitambo, za chipwirikiti, za maginito. Atafika pa katoni ija anati iye wayankhula mokwanira, ndipo amene aonetse mmene zimachitikira ndi mnzawo wa pasukulu pomwepo. Anaitana Temwa Chiumia.

Kani sabata yonse awiriwa ankakonzekera mobisa kuchipinda, kuti adada adzadabwe. Anadabwadi. Temwa anakwera pa nsanja, yunifolomu yositidwa, n'kumasula chingwe. Asanagwire chilichonse anayang'ana kumbuyo kwa holo n'kunena mokweza kuti chipangizochi apanga ndi bambo ake, a Chiumia a ku Luwinga, amene pa zaka makumi awiri mota yawo sinabwererepo, ndipo anawapempha kuti aimirire. Overtoun anaimirira. Anthu anaomba m'manja, iye n'kukhalanso pansi msanga. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo iye mwala anali ataponya kale.

Temwa anatakasa, n'kufotokoza bwino lomwe kuti ichi ndi chipwirikiti, mawu osanjenjemera. Anauza anzake kuti ayang'anitsitse pakati pa botolo, pamene tizingwe titulukire. Anayatsa. Utuchi unagawikana, wina kuthawira ku koyilo iyi, wina ku inayo, n'kukaunjikana m'mbali mwa galasi. Pakati pamene analoza panatsala mafuta okhaokha. Anazimitsa, n'kutakasanso, n'kuyatsanso, zomwezo. Anasinthanitsa mawaya a batire, zomwezo. Holo inayamba kung'ung'udza, ndipo mnyamata wina wa folomu folo anakuwa kuti nyenyezi yapita padera. Chiseko chinaphulika mpaka aphunzitsi ena anabisa nkhope. Temwa anaika pansi supuni yotakasira.

Apa ndiye pamene Overtoun anayenera kunyamuka, monga mwa pulani yake. Sananyamuke. Akanapita kukanena chiyani? Kuti munthu amene salakwitsa walakwitsa, mphindi zisanu chimutamandireni mwana wake? Kapena kuti sanalakwitse? Anakhala pa benchi, dzanja lili pa sikuludiraiva.

Stella anawerama n'kuyang'ana mmene utuchi wagonera. Sizinamutengere nthawi. Anatukula mutu n'kuyang'ana kumbuyo kwa holo, kamodzi kokha, kwa munthu amene anamuphunzitsa kukunga dzanja lamanja. Kenako anaika dzanja paphewa la Temwa n'kudikira kuti phokoso lithe.

“Cholakwa ichi ndi changa,” anatero. “Pa chojambula chimene ndinapereka ndinasemphanitsa mawaya, ndipo amisiri atsatira zimene ndinalemba. Madokotala nafenso timalakwitsa.”

Anapitiriza kuti anawo achita mwayi, chifukwa aona chimene sanakonzekere kuwaonetsa: maginito awiri akamakankhana, pakati pawo mphamvu imatheratu, ndipo palibe chofoletsa utuchi. Ana anasiya kuseka n'kuyamba kusuzumira. Ahedi anagwedeza mutu, n'kunong'oneza wachiwiri wawo kuti kuphunzira kwenikweni ndi kumeneku, ndipo m'manja munaombedwanso, mwamphamvu kuposa poyamba.

Koma Temwa sankamvetsera. Chojambula chija anali atachikopera m'kope lake Lamulungu lomwe lija, ndipo ankadziwa chimene chinalembedwapo. Anatsitsa botolo, n'kutembenuza thabwa. Anayang'ana pansipo nthawi yaitali kuposa imene munthu amafunika kuti aone mitundu iwiri. Kenako anabwereka kampeni ka pa makiyi a mphunzitsi wina, n'kumasula timasikuluu, n'kubweza chakuda ku chofiira. Anatakasa, n'kuyatsa, ndipo tizingwe tinatuluka, kuwongoka, kunenepa, monga momwe tinachitira Lachitatu. Holo inasokosera, ana kukwera pa mabenchi kuti aone. Temwa anamaliza kufotokoza mpaka kumapeto, mawu onse amene anakonzekera, koma kumbuyo kwa holo sanayang'anekonso.

Panja, anthu akumuunjirira, Stella anapeza mpata n'kudzamugwira dzanja Overtoun. Anangomuthokoza kuti “yewo chomene, alamu”, basi. Overtoun anadikira mawu ena, chitonzo, funso, chilichonse choti akangane nacho, koma panalibe. Kunyumba Wezi anatha sabata akuuza aneba za kudzichepetsa kwa mkulu wake, kuti munthu wophunzira chotero n'kuvomera kulakwa pamaso pa ana. Che Nuhu, polandira botolo lake, anati mayi ameneyo Mulungu amusunge. Overtoun ankangovomera. Mumtima ankawira: yunivesite anatenga ndi iyeyo, khoma la pabalaza anatenga, mafunso a mwana anatenga, ndipo tsopano ngakhale tchimo lake lomwe, limene analipanga yekha ndi manja ake, mayiyu walitenga n'kuomberedwa nalo m'manja. Ankadziwa kuti maganizo amenewa ndi onyansa, koma kudziwako sikunawachotse.

Stella anabwerera ku South Africa osaitchulanso nkhaniyo. Temwa nayenso sanaitchule. Ankapereka moni, ankabweretsa madzi osamba m'manja, ankayankha akafunsidwa. Overtoun ankamuyang'ana chamchibisira, kufuna kudziwa kuti mwanayo waika nkhaniyo mbali iti, ya kulakwitsa kapena inayo. Nkhope ya Temwa sinamuuze kanthu.

Loweruka lotsatira anatsegula shedi mochedwa, akuganiza kuti kampando ka pakona kakhala kopanda munthu. Cha m'ma naini anamva mapazi, Temwa n'kulowa ndi mabuku ake monga mwa masiku onse. Mtima wa Overtoun unatsika. Anayamba kulankhula zambirimbiri, za kuzizira, za mwini chigayo wa ku Chibavi amene mota yake inachedwa chifukwa cha botolo lija. Motayo inali pa benchi, yokulungidwa, yolumikizidwa, yoyesedwa kale dzulo lake. Anatsegula chitini cha vanishi n'kuviika bulashi.

“Dikirani kaye, adada.”

Temwa anadzuka pa kampando, n'kutenga kampasi pa msomali pamene imakhala, n'kulumikiza batire. Anayendetsa kampasiyo mkati mwa mota pang'onopang'ono, koyilo ndi koyilo, akuyang'ana muvi, osadumpha ngakhale imodzi. Zaka zonse zimene anakhala m'shedimo anali asanayesepo ntchito ya bambo ake. Overtoun anaima ndi bulashi m'manja, vanishi akudontha pa nsapato. Mwanayo atazungulira mpaka pamene anayambira, anamasula batire, n'kubwezera kampasi pa msomali.

“Zili bwino. Pakani.”

Anapaka. Kuyambira tsiku limenelo, mota iliyonse imene Temwa waipeza pa benchi Loweruka amaiyesa kaye yekha isanapakidwe vanishi. Makasitomala amene amaziona amamuyamikira Overtoun kuti ali ndi mwana wosamala, amene watengera bambo ake, ndipo iye amavomera ndi mutu n'kupitiriza kukulunga waya.